Kwa achemwali amene akusamukira ku Nkhotakota

Achemwali, ndaona funso lanu loti akutumizani kukagwira ntchito pa boma la Nkhotakota, ndiye mukufuna kudziwa kuti anthu ake ndi otani poti ena akuuzani kuti ndi aulesi komanso sakonda alendo. Ambiri amene akuyankhani kale angokuuzani za kutentha ndi chambo. Ine kwathu ndi ku Dedza koma ndinaphunzitsa ku Nkhotakota, komwe timangoti KK, zaka 9, ndiye mundilole nditalikitseko.

Mukatsika minibasi pa msewu wa M5 mupeza zomwe zili pa boma lililonse: depoti, mabanki, magolosale, anyamata a kabaza akulimbirana chikwama chanu. Ambiri obwera ndi ntchito amathera pomwepo, nyumba, ofesi, msika, basi, kenako n'kumakauza anzawo kuti KK ndi malo ogona. Nkhotakota mwiniwake ali kumunsi, mukatsetserekera kunyanja, ku Linga. Kumeneko nyumba ndi zothithikana, tinjira tamchenga tokhotakhota pansi pa mitengo ya mango ikuluikulu, mzikiti apa, tchalitchi apo. Malo amenewa anali tauni kale Lilongwe isanalote n'komwe zokhala likulu.

Cha m'ma 1840 kunafika Mswahili wina, Salim bin Abdallah, amene timamudziwa ndi dzina la udindo loti Jumbe. Anamanga linga lake pamenepo, ndipo zombo zake za matanga zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita tsidya la kum'mawa kwa nyanja. David Livingstone anafikapo mu 1861, n'kubweranso mu 1863, ndipo mtengo wa mkuyu umene amati anakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe ulipobe ku mishoni, pafupi ndi chipatala cha St Anne's. A Anglican anakhazikitsa mishoni yawo mu 1894. Bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja mu 1895, manda ake ali ku tchalitchi cha All Saints pomwepo. Mu 1960 msonkhano waukulu wa MCP umene unapatsa Kamuzu utsogoleri wamuyaya wa chipanicho unachitikira ku Kota Kota, momwe ankalembera dzinali masiku amenewo.

Ndakumba mbiriyi dala. Anthu amene agogo awo anaona Jumbe akubwera n'kutha, atsamunda akubwera n'kupita, ma DC osawerengeka akusinthana mpando, sanganjenjemere chifukwa inu mwafika ndi kalata ya ntchito. Funso loyamba limene adzakufunseni ndi loti "Mwabwera ndi ntchito?" Tanthauzo lake ndi loti mlendo ndi mame, mawa lino akusamutsani. Si chidani ayi. Amayamba akuonani kaye ngati ndinu wokhala kapena wodutsa.

Ine anandiona miyezi ingapo, ndipo ndinalakwa kawiri. Koyamba kanali ka moni. Ndinkatuluka m'mamawa ndi liwiro lakumapiri, n'kungokweza dzanja kwa mayi wachikulire amene ndinkachita lendi nyumba yawo, iwo akusesa pabwalo. Tsiku lina anaimika tsache, n'kundiitana. "Aphunzitsi, kwanuko anthu amangodzuka ngati nkhuku, osafunsana?" Kuyambira tsiku limenelo ndinkaima, kufunsa za thupi, za ana, za mwendo wawo umene unkavuta. Sipanathe sabata mbale ya mpunga inayamba kubwera yokha madzulo.

Kachiwiri kanali kowawa. Bambo wa nyumba yoyandikana nafe anamwalira m'bandakucha. Ine ndi mutu wa kwathu, kumene maliro amagona tsiku limodzi kapena awiri podikira abale, ndinati ndipite kaye kuntchito, ndikagona kusiwa usiku, mawa ndiperekeza. Pobwera cha m'ma 4 koloko ndinapeza amuna akusamba m'manja, abwerako kumanda. Asilamu sagoneka maliro. Palibe amene anandinena, koma kwa masabata angapo moni wa pamudzipo unali wozizira ngati madzi a mumtsuko. Chinandiwombola ndi sadaka ya masiku 40: ndinapita m'mamawa, ndinawaza nkhuni ndi anyamata, ndinakhala pamphasa mpaka mapemphero kutha. Ndiye achemwali, mukangomva kulira pafupi ndi pamene mukukhala, tengani chitenje, kapempheni nthawi kuntchito, pitani tsiku lomwelo.

Pa nkhani ya chipembedzoyi, musadabwe kupeza Mchewa weniweni, wa mfunda wa Phiri kapena Banda, atavala kanzu ndi chisoti akupita ku Ijumaa. Ife akumtunda tinakula tikuganiza kuti Msilamu aliyense ndi Myao. Ku KK Chisilamu chinalowa kudzera kwa a Jumbe, ndipo banja limodzi mutha kupezamo shehe ndi mkulu wa mpingo wa Anglican, n'kumadyera mbale imodzi. Nthawi ya Ramadani aneba adzakutumizirani futali madzulo ngakhale simunasale. Landirani, ndipo mbaleyo isabwerere yopanda kanthu. Lachisanu masana mashopu ena amatseka kwa kanthawi. Koma nyama ya nkhumba, ngati mumadya, muzikadyera kwanu mukapita ku holide, kapena musaphikire m'poto wobwereka.

Tsopano za ulesizo. Amene amanena zimenezi amadutsa masana pa basi, n'kuona amuna agona pansi pa mango kapena akusewera bawo 10 koloko m'mawa. Sadziwa kuti anthu amenewo achezera pamadzi. Dzukani tsiku lina cha m'ma 5 mupite kudoko. Mudzaona nyali za asiginala, amene amakopa nsomba ndi kuwala, zikuzima chapatali, maboti akufika, alovi, anyamata okoka khoka, akutsitsa khoka la chilimira atanyowa thupi lonse, manja atachita zikang'a ndi zingwe. Amayi ali kale pamchenga ndi mabeseni, kutsutsana mtengo wa usipa mokweza ngati ndewu, koma pakatha mphindi ziwiri onse akuseka. Amayi omwewo akachoka apo akupita kudambo kukawokera mpunga, madzi m'maondo, kapena kukavuula chinangwa. Kondowole amene mudzamuone m'mbale ndi ntchito ya sabata: kukumba, kusenda, kuviika masiku angapo, kuyanika pathandala, kusinja, kusefa. Munthu waulesi sangadye kondowole.

Pamene ndingavomereze n'poti ndalama ya kunyanja sigona m'thumba. Usipa ukagwa, mnyamata wa zaka 14 amapeza usiku umodzi ndalama imene mphunzitsi wake amaiwerengera masiku. Ndiye mukamuuza za mayeso amakuyang'anani ngati mukumuuza nthano. Ndinataya ana anzeru ambiri motere, anyamata kunyanja, atsikana kumabanja a asodzi, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Mwera ukayamba kuwomba cha mu Juni ndi Julayi, maboti ali pamtunda, anthu omwe aja ankagulira anzawo mowa akubwereka ndalama ya ufa. Inunso adzakubwerekani. Perekani imene mungathe kuiiwala.

Ndi anthu olankhula mosabisa, komanso okonda nthabwala zoluma. Akakupatsani dzina lachipongwe ndiye kuti mwalowa. Ine ankanditcha "a Kachewere" chifukwa cha mbatata za kwathu, ndipo mpaka ndikuchoka ana ena sankadziwa dzina langa lenileni. Chichewa chawo chili ndi kakomedwe kakekake ka kunyanja, ndipo mukamapita chakumpoto, kudutsa Dwangwa kulowera ku Dwambazi, chimayamba kusakanikirana ndi Chitonga. Mukamva kuti kuli malipenga kapena chiwoda kwinakwake, musafunse zambiri, pitani.

Dwangwa ndatchulayo ndi nkhani ina. Ili pafupifupi makilomita 55 kumpoto, ndipo chifukwa cha minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga ya Illovo, ndalama zimazungulira kwambiri kumeneko kuposa pa boma. Anthu a ku Dwangwa amaseka a pa boma kuti ali ndi maofesi okha, a pa boma amayankha kuti Dwangwa ndi msasa wa obwera. Musalowerere. Ingodziwani kuti mitsinje ya boma limeneli, Bua, Dwangwa, Kaombe ndi ina, imatsika kumapiri ndi mphamvu nthawi ya dzinja. Kumayambiriro kwa 2024 madzi anasefukira ku Dwangwa, anthu ambiri anasowa pokhala, msewu wa M5 unaduka. Pofuna nyumba funsani aneba, osati mwini nyumba, kuti madzi amafika pati mvula ikalimba.

Zina n'zazing'ono. Neti ya udzudzu mugone nayo chaka chonse, malungo a kumeneko sachita nthabwala. Okutobala ndi Novembala kumatentha moti mudzatulutsa mphasa pakhonde usiku. Musasambe pamatsiriro a mitsinje kapena m'mabango, ng'ona ziliko, ndipo madzi odekha a m'mbali mwa nyanja ali ndi likodzo. Funsani eni dera pamene iwo amasamba. Loweruka lina kaoneni akasupe a madzi otentha ku Mawira. Nsomba yabwino yotsikirako mtengo mukaipeza pa mlatho wa Chia, njira ya ku Salima. Ndipo nkhalango ya Nkhotakota, imene a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks anayamba kuyang'anira mu 2015 n'kubweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, ili pakhomo pomwepo, msewu wa ku Kasungu umadutsa mkati mwake. Ine ndinakhala zaka zonsezo osalowamo kukaona nyama, ndimachita nazo manyazi.

Kondowole tsiku loyamba musatafune, amakakamira m'mano. Tsinani pang'ono, viikani mu msuzi wa kampango kapena chigwada chotendera, mezani. Ndipo mukadye madzulo, osati masana muli pantchito, chifukwa mudzawodzera mpaka abwana kukudzutsani.