Yankho kwa mmisiri wa ku Mchinji: core ya thiransifoma iyenera kubwerera poyambira

Bambo wina amene amakonza ma inverter a sola pa Boma la Mchinji wanditumizira funso pa imelo. Akuti akudutsitsa ma pulse a 12 V m'kathiransifoma kakang'ono kuti ayatse MOSFET (transistor yogwira ntchito ngati swichi) ya mbali ya magetsi amphamvu popanda waya wolumikiza mbali ziwirizo, koma pulse ikatalika imafera panjira ndipo transistor yoyendetsa imatentha. Akufuna kudziwa ngati kathiransifomako n'kowonongeka.

Bambo, ndikuona kuti kathiransifomako kali bwino, koma core yake (chapakati chomwe makoyilo amakulungidwapo) simukuipatsa mpata wobwerera pomwe inayambira. Nthawi yonse imene voteji ili pa koyilo yoyamba, maginito a mu core amakwera molingana ndi voteji kuchulukitsa ndi nthawi, n'chifukwa chake opanga amalemba malire ake mu V·µs (mavoti kuchulukitsa ndi ma microsecond). Ferrite, yomwe amapangira core zoterezi, imadzaza maginito msanga, kawirikawiri isanafike 0.5 tesla, ndipo ikadzaza karenti imakwera mwadzidzidzi, uthenga n'kuleka kudutsa.

Nkhaniyi ili ngati ngongole imene iyenera kubwezedwa yonse pulse ina isanafike. Pulse ya 12 V yotenga 10 µs ikusiya 120 V·µs mu core. Mukangoika diode imodzi pa koyilo, voteji yobwezera imakhala pafupifupi 0.7 V, choncho pafunika nthawi yoposa 170 µs, ndipo pulse yotsatira ikabwera msanga imapeza zotsala n'kuwonjezerapo zake mpaka core itadzaza. Mukawonjezera zener (diode yosunga voteji pa mulingo woikika) ya 12 V pamzere umodzi ndi diode ija, kubwezako kumatha m'nthawi yosakwana 10 µs. Kumbukirani kuti transistor yanu yoyendetsa tsopano iyenera kupirira 12 V ya pulse ndi voteji yobwezera zitaphatikizana, pafupifupi 25 V.

Ambiri amakonda kuika capacitor pamzere wa koyilo yoyamba kuti itseke DC, ndipo njirayi imagwiradi ntchito, koma ine ndimachenjeza za chinthu chimodzi. Pa thiransifoma ya 1:1, duty cycle (gawo la nthawi imene pulse ya 12 V ija imakhala yoyaka) ikafika 80%, geti (mwendo woyatsira) ya MOSFET imangolandira 2.4 V, yomwe siyokwanira kuiyatsa bwino pokhapokha mbali yachiwiri ikhale ndi capacitor ndi diode zobwezeretsa mulingowo.

Ngati uthenga wanu umakhala pa 1 (woyaka) kwa nthawi yaitali, musaukakamize kudutsa wonse. Tumizani ka pulse kafupi kokwera pamene uthenga ukuyamba ndi kena kotsika pamene ukutha, kenako latch (kaseketi kokumbukira mulingo womaliza) ya mbali inayo isunge mkhalidwewo. Ethernet ya 10BASE-T (njira yolumikizira makompyuta ndi waya) inathetsa vutoli ndi Manchester encoding, momwe biti iliyonse imasintha mulingo pakatikati kotero kuti DC siunjikana.

Musanasinthe chilichonse, yezani voteji ya pa drain (mwendo wolumikizidwa ku koyilo) ya transistor yoyendetsa ndi oscilloscope pa duty cycle yapamwamba kwambiri, muone ngati voteji yobwezera ikutsika yokha pulse yotsatira isanayambe.