Funso la mlimi wa ku Luchenza: dzina la cigar yodula limamangidwa bwanji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Luchenza amene amalima fodya wa burley. Akuti atopa ndi mitengo ya ku okushoni ya ku Limbe, ndipo akufunsa: "Ndamva kuti kunja cigar imodzi imagulidwa ndalama zoposa kilogalamu yathunthu ya fodya wanga. Eni ake anatchukitsa bwanji dzina? Nanga ine sindingapichire wanga n'kumagulitsa kwa alendo okwera phiri la Mulanje?"

Bambo, zomwe munamvazo n'zoona. Cigar ndi ndudu yaikulu yopichiridwa ndi masamba a fodya okhaokha, popanda pepala. Tiyeni titenge chitsanzo cha banja la Padrón, lodziwika popanga cigar zodula.

José Orlando Padrón anabadwira ku Cuba mu 1926, m'banja la alimi a fodya a ku Pinar del Río. Atathawa kwawo anakafika ku Miami ali manja lende. Mnzake anamupatsa kahamala, iye n'kumagwira maganyu a ukalipentala mpaka anasunga madola 600. Ndi ndalama imeneyo anatsegula kafakitale mu 1964, wopichira ali mmodzi yekha. Kahamala kaja banjali limakalemekezabe mpaka lero.

Taonani anthu amene iye anayamba kuwagulitsa cigar zake. Sanathamangire olemera. Anagulitsa kwa anzake othawa ku Cuba, amene ankapukwa fodya wa kwawo chifukwa America inali italetsa katundu wa ku Cuba mu 1962. Anthu amenewa ankaudziwa fodya, sakananamizidwa ndi pepala lokongola. Mu 1970 anasamutsira ntchito ku Estelí, ku Nicaragua, kutsata dothi lopereka tsamba lomwe ankalifuna. Fakitale inatenthedwa pa chipwirikiti cha 1978, ndipo America italetsa katundu wa ku Nicaragua mu 1985, ntchito anaipitiriza ku Honduras. Cigar zodula zimene zinamveketsa dzinali padziko lonse, za 1964 Anniversary Series, zinatuluka mu 1994, patatha zaka 30. Tsamba lake limasungidwa zaka zinayi lisanapichiridwe. La Serie 1926, imene inabwera mu 2002, limasungidwa zaka zisanu.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Wogula salipira tsamba lokha. Amalipira chitsimikizo choti imene wagula lero ikoma chimodzimodzi ndi ya chaka chatha. Kuti zimenezi zitheke, banjali limayang'anira lokha kuyambira kumunda mpaka m'bokosi, ndipo limasunga zokolola za zaka zingapo kuti chaka cha mvula yoipa chisasinthe kakomedwe. Ndiye kuti ndalama imagona m'nyumba yosungira zaka zinayi osabala kanthu. Mlimi amene mabelo ake amadikiridwa ndi ngongole ya feteleza ayenera kuwerengera zimenezi asanagule chilichonse.

Tsono burley wanu. Ameneyo amalimidwira ndudu za m'mafakitale, ndipo mukangomupichira atachoka m'chigafa, adzakanda pakhosi. Cigar imafuna mbewu za fodya wakuda woumitsa ndi mphepo. Masamba amathyoledwa pang'onopang'ono kuyambira pansi, ndipo gulu lililonse lili ndi ntchito yake: apansi, otchedwa volado, amathandiza kuti moto uziyaka, apakati, seco, amapereka fungo, apamwamba, ligero, amene apsa ndi dzuwa, ndiwo mphamvu. Amauma m'chigafa masiku 45 mpaka 60.

Kenako pamabwera ntchito imene alimi athu saichita, yovundika. Masamba amanyowetsedwa pang'ono n'kuunjikidwa mulu waukulu wa makilogalamu mazanamazana, wotchedwa pilón. Muluwo umadzitenthetsa wokha. Pakati pake amalowetsapo choyezera kutentha, ndipo kukafika madigiri 45 mpaka 50, amauphwasula, kukutumula masamba, akunja kuwaika m'kati, am'kati kunja. Amabwereza chonchi kwa miyezi mpaka fungo la ammonia, lija longa la mkodzo, litatha. Mulu ukachepa sutentha, ndipo tsamba limakhalabe lowawa. Madzi akachuluka limaola. Mukachedwa kuutembenuza limapsa, n'kuda, n'kumangofumbutuka m'manja.

Cigar ili ndi zigawo zitatu: masamba a m'kati, tsamba lomangira, ndi tsamba lokutira kunja, limene liyenera kukhala lopanda bowo kapena banga. Mtolo wa m'kati umapanikizidwa m'chikombole chathabwa, kenako n'kukutidwa. Wopichira waluso amapanga 100 mpaka 150 patsiku. Akafinya kwambiri, utsi sukoka. Akalekerera, imayaka msanga n'kutentha pakamwa. Akaika ligero m'mbali m'malo mwa pakatikati, moto umadya mbali imodzi ngati bwato. Zitatu zoterozo m'bokosi limodzi, wogula sabweranso.

Nyengo ya kuno nayo muiganizire. Cigar imasungidwa pa chinyontho cha maperesenti 65 mpaka 70 ndi kutentha kwa madigiri 18 mpaka 21. Chiperoni chikatsika masiku atatu, chija chimene ndi zovala zomwe sizimauma pachingwe, tsamba limachita chuku. Mu Okutobala vuto limatembenuka: kutentha kumaswetsa mazira a kachilombo konga nankafumbwe, kamene kamaboola timabowo ngati ta singano. Mafakitale ambiri amaziika kaye m'firiji yoziziritsa kwambiri kwa masiku angapo kuti mazirawo afe. Popanda magetsi odalirika, bokosi lonse mudzataya.

Dzina likayamba kumveka, akuba amabwera. Padrón anaika nambala pa kalamba, kapepala kozungulira cigar iliyonse ya 1964 Anniversary kuti zachinyengo zizidziwika. Kwathu kuno dzina ndi chizindikiro zimalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa maina ndi zizindikiro za malonda, ulimi wa fodya ku Tobacco Commission, ndipo msonkho wa MRA pa fodya wopangidwa muufunsiretu. Dziwaninso kuti fodya aliyense amawononga thanzi, wodula yemwe, ndipo Malawi inalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023, choncho musadalire kuti mudzatsatsa malonda momasuka.

Za alendo a kuphiri, ndikuuzeni mosabisa: ndi ochepa, amabwera mwanyengo, ndipo osuta cigar pakati pawo mungawawerenge ndi zala. Njira ya Padrón mungaione pafupi pomwepa. Tiyi wambiri wa ku Thyolo ndi Mulanje amapita kunja m'matumba opanda dzina n'kukasakanizidwa ndi wina, koma esiteti ya Satemwa, imene inayamba mu 1923, imagulitsa wina wapadera m'dzina lake.

Ngati mtima ukadali pa cigar, burley musamusiye. Patulani mizere yochepa ya mbewu yoyenera, lembani tsiku lothyola ndi gulu la tsamba lililonse, ndipo gwirizanani ndi alimi anzanu kuti mulu ukwane kutentha. Chaka choyamba musagulitse. Pichirani 20, zisungeni miyezi itatu, kenaka mupatse anthu odziwa cigar popanda kalamba, muwafunse za kukoka, kayakidwe ndi pakhosi.