Yisiti wakufa anandichititsa manyazi pa chinkhoswe

Achimwene, yisiti wanu wodutsa detiyo musamuthire mumgolo musanamuyese, chonde. Ndangowerenga funso lanuli, loti kodi mungafululire mowa ndi yisiti wotereyu, mtima wayambanso kuwawa.

Ine zinandigwera pa chinkhoswe cha mng'ono wanga, mu Okutobala, dzuwa la kuno ku Mangochi likuotcha mpaka kuphazi. Chimera cha mapira ndinachita kuitanitsa ku Namwera, phala ndinaphika usiku wonse utsi uli m'maso. Yisiti ndinagula pa okala ina kumsika, uja amamanga m'timajumbo akatsegula chipaketi chachikulu. Nditafunsa ngati ndi watsopano, mnyamata wake anachita kulumbira kuti wafika dzulo lomweli. Bodza lamkunkhuniza!

Mgolo unangoti zii. Ndinkadzuka pakati pa usiku kukatsamiritsa khutu pachitsulo, osamva ngakhale kakuwira pang'ono. M'mawa wa tsikulo nditavundukula, pamwamba panali kachikopa kotuwa, tintchentche tikuzungulira, fungo lowawasa lolasa m'mphuno. Apa nkuti alendo ochokera ku Monkey Bay ndi ku Makawa atakhala kale pamikeka pansi pa mango. Amalume akuchimuna anatunga ndi chikho, kulawa kamodzi, nkulavulira kumbali, kenako nkundiyang'ana osanena kanthu. Bola akanakalipa. Azimayi kukhitchini akunong'onezana, mng'ono wanga misozi ili lengelenge atavala kale chitenje cha mwambo. Ndinathamanga kukatenga Chibuku pangongole, yomwe ndinabweza movutika zedi.

Nditabwerera kuokala kuja, mwini wake akuti mwina madzi anga anali otentha. Ine amene ndinayamba kufulula iye asanamere ndevu! Amadziwa bwino lomwe kuti chipaketi chija chinakhala chotsegula pansi pa malata miyezi ndi miyezi. Yisiti ndi chamoyo. Mpweya, chinyezi ndi kutentha zimamupha pang'onopang'ono, ndipo akachedwa kuyamba ntchito, mabakiteriya amalowerera nkuwawasitsa mowa wonse, makamaka kuno komwe kutentha kumadutsa madigiri 30 masana. Anthu oterewa amangoona ndalama basi, za chimera chako ndi ulemu wako alibe nazo ntchito.

Ine maganizo anga, mutayeni ameneyo. Koma ngati paketi yanu sinatsegulidwepo ndipo imakhala pozizira, angathe kudzuka ndithu, deti palokha silipha yisiti. Wiritsani madzi, muwasiye azizire mpaka angokhala ofunda, cha m'ma digiri 35, oti mukadontheza pamkono sakuotcha. Theka la kapu, kasupuni kamodzi ka shuga, nkuwazamo yisitiyo. Pakatha mphindi 10 kapena 15 muziona thovu likukwera ndi kafungo ka buledi. Likabwera lochepa, musafulumire. Wiritsani lita imodzi ya madzi a chimera, akazizira muthire m'botolo lotsuka bwino pamodzi ndi yisitiyo, pakamwa muphimbe ndi kansalu koyera. Osatseka ndi chitsekero, mpweya ukachuluka limaphulika. Muziligwedeza mukamadutsa, tsiku limodzi kapena awiri, kuti otsala amoyowo aswane. Pansi mukaona nsenga zoyera ndipo pamwamba pakuwira, ndiye muthire mumgolo. Akanunkha ngati viniga, ameneyo wapita.

Mgolowo muukulunge ndi chiguduli chonyowa, pamthunzi podutsa mphepo. Yisiti wa mowa amakonda pakati pa madigiri 18 ndi 24, zomwe kuno timazipeza mwina mu Juni ndi Julayi mwera ukamaomba.

Komanso kunena zoona, anganga anga sanagulepo yisiti moyo wawo wonse. Ankangofululira mumbiya yawo yakale nkuthiramo nsenga za mowa wapitawo, ndipo masese ake anthu ankachita kulimbirana. Ngati muli ndi mnansi amene wafulula sabata ino ndipo mowa wake unakoma, kapempheni kachikho ka pansi pambiya. Koma wam'timajumbo uja, ngakhale akutsitsireni mtengo, musayerekeze.