Mwana akufuna digiri ina ya manambala: kodi bambo alipire?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo ena a ku Ntcheu amene akhala akusoka zovala ku Fordsburg, kuno ku Joni, kwa zaka 13. Mwana wawo wamkazi anamaliza digiri ya Sociology ku Zomba zaka ziwiri zapitazo. Chimalizireni wakhala akugwira maganyu ofunsa anthu mafunso m'midzi ndi tabuleti: mwezi uno ali ku Machinga, mwezi wamawa wangokhala pakhomo. Tsopano akufuna kubwera kuno ku Joni kudzachita Masters ya kagwiritsidwe ntchito ka ziwerengero pa kafukufuku wa moyo wa anthu. Bambowa akufunsa kuti: "Ndalipira fizi zaka zinayi ndi makina osokera. Lero akuti akufuna sukulu ina ya manambala. Kodi manambala amadyetsa munthu? Nanga poti masamu sankawakonda?" Mwanayo naye waikapo mawu ake kumunsi kwa kalatayo, kufunsa ngati digiri yake ingamulowetse ku yunivesite ya Wits kapena ya UJ (University of Johannesburg).

Bambo, ndiyambe ndi inu, poti thukuta ndi lanu. Chimene mwana wanu akupempha chili ndi mutu. Ntchito imene akugwira panopa ndi ya pansi penipeni: amapatsidwa mafunso olemba ena, amapita ku midzi yosankha ena, ndipo mayankho akangowatumiza saonanso kumene alowera. Pakatha masabata angapo kontirakiti yatha. Amene amakhalitsa pa ntchito ndi uja anasankha midziyo, analemba mafunsowo, ndipo amakhala pa kompyuta n'kusandutsa mayankho a anthu zikwizikwi kukhala mfundo yoti unduna ugwiritse ntchito. Mwana wanu mpando umenewo wauonera patali, ndipo akufunsa njira yokafikapo.

Zimene amaphunzira kumeneko inu mukuzidziwa kale mbali ina. Mukamagula thumba la chimanga pa Lizulu simukhuthula thumba lonse. Mumapisa dzanja n'kutapako pang'ono. Koma mumadziwanso kuti wogulitsa amaika chabwino pamwamba, ndiye mumapisa mpaka pakati kuti muone ngati anankafumbwe sanalowemo. Gwero la maphunzirowa ndi lomwelo: kutapa anthu ochepa mwa njira yoti mayankho awo aimire dziko lonse, ndi kudziwa kuti mwina mwaphonya ndi mlingo wotani. Pa kafukufuku wa zaumoyo wa DHS wa 2015 mpaka 2016, ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inacheza ndi amayi oposa 24,000, ndipo kuchokera pamenepo inatha kunena za uchembere ndi imfa za ana m'dziko limene kalembera wa 2018 anapezamo anthu pafupifupi 17.5 miliyoni.

Ife okhala kuno tili ndi chitsanzo chotikhudza pakhungu. Kalembera wa ku South Africa wa 2022 anati m'dziko muno muli anthu 62 miliyoni, ndipo pafupifupi 200,000 mwa iwo anabadwira ku Malawi. Koma Stats SA, ofesi ya boma ya ziwerengero ya kuno, itabwereranso m'madera ena kukafufuza, inapeza kuti pa anthu 100 alionse, pafupifupi 31 sanalembedwe. Nambala ya 62 miliyoni ija inachita kuwongoledwa ndi akatswiri a ziwerengero. Inu ndi ine tikuwadziwa ena mwa ophonyedwawo: mnyamata wogona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana, mayi wochoka 5 koloko m'mawa n'kubwera usiku, m'bale wathu amene mapepala ake anatha ndipo akaona munthu wanyamula fomu pakhomo sayerekeza kutsegula. Nambala zikakhala zosalimba, aliyense amangotchula yake pa nkhani ya alendo, ndipo mukudziwa mmene zimathera m'misewu. Munthu wodziwa ziwerengero amene amamvanso Chichewa, wodziwa chifukwa chake chitseko sichinatsegulidwe, ndi wosowa kwambiri. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene mwana wanu ali ndi chuma chimene anzake ambiri a m'kalasi sadzakhala nacho: wayenda m'midzi, waona wofunsa mafunso atatopa n'kuyamba kudzaza yekha mayankho pansi pa mtengo wa mango.

Mbali ina ya maphunzirowa ndi kusiyanitsa chimene chayambitsa chinthu ndi chimene changochitikira limodzi nacho. Ku Zomba komweko, mu 2008 ndi 2009, kunachitika kafukufuku amene mpaka lero amaphunzitsidwa m'mayunivesite ambiri. Madera anasankhidwa mwa maere. Kwina atsikana ndi makolo awo ankalandira ndalama pokhapokha mtsikana akamapita ku sukulu, kwina ankalandira popanda lamulo lililonse, kwina sankalandira. Ndalama za lamulo zija zinathandiza kwambiri kuti atsikana akhalebe pa sukulu, pomwe zopanda lamulo ndi zimene zinachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati a ana. Popanda maere aja, wina aliyense akanangonena maganizo ake. Mafunso a mtundu womwewu amafunsidwanso pa Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo amafunika anthu odziwa kuwayankha.

Tsopano inu achemwali. Makomo olowera alipo awiri, ndipo ambiri amataya chaka chifukwa chogogoda pa khomo lolakwika. Loyamba ndi la dipatimenti ya Statistics yeniyeni, monga School of Statistics and Actuarial Science ya ku Wits ku Braamfontein. Kumeneko amafuna munthu amene anaphunzira Statistics ndi masamu a calculus ndi linear algebra mpaka kumapeto kwa digiri yoyamba. Ndi digiri ya Sociology yokhala ndi kosi imodzi kapena awiri a njira zofufuzira, khomo limenelo silingatseguke, ndipo musawononge ndalama ya fomu. Lachiwiri ndi la maphunziro amene amagwiritsa ntchito ziwerengero pa nkhani za anthu: Demography and Population Studies ku Wits komweko, Epidemiology ku School of Public Health ku Parktown, kapena madipatimenti a Sociology, Economics ndi Development Studies ku UJ ku Auckland Park. Pa khomo lachiwirili musakopeke ndi dzina la digiri. Tsegulani mndandanda wa makosi, muwerenge kuti ndi angati amene akuphunzitsa sampling (kasankhidwe ka anthu ofunsidwa), regression (kuyeza mmene chinthu china chimayendera ndi chinzake) ndi kusanthula deta pa kompyuta. Pali Masters zina za dzina lokoma zimene munthu amamaliza asanagwirepo deta ya mabanja chikwi chimodzi.

Chinthu choyamba kuchita, musanalembere yunivesite iliyonse, ndi kutumiza mapepala anu ku SAQA, bungwe limene limayeza maphunziro a kunja. Kuno digiri yoyamba ya zaka zitatu ili pa mlingo 7, Honours pa 8, Masters pa 9, ndipo PhD pa 10. Kuti munthu alowe Masters amafunika mlingo 8. Ena a ife amene tinabwera ndi digiri ya zaka zinayi ya kwathu tinauzidwa kuti tiyambe kaye Honours, ndipo zinatiwawa. Zikakugwerani, musazione ngati kunyozedwa. Kwa munthu amene masamu anawasiya kalekale, chaka cha Honours ndi chimene chimamupulumutsa. Amene amachidumpha amakamira pakati pa Masters ndalama zitapita kale. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Dziwaninso kuti madipatimenti ambiri amafuna magiredi a m'ma 65 pa 100, ndipo malo amakhala ochepa.

Funso la bambo anu la masamu musalizembe, chifukwa ndi loona. Pa khomo lachiwiri simufunika kukhala katswiri wa masamu, koma simungakhale munthu wothawa akaona x ndi y. Njira yodziyesera ilipo, ndipo siilira fizi. Ikani pa laputopu pulogalamu yosanthulira deta yotchedwa R. Ndi yaulere, pomwe anzake, Stata ndi SPSS, amafuna layisensi yolipira. Kenako pezani deta yeniyeni. Kafukufuku wa mabanja wa ku Malawi wa IHS5, wa 2019 mpaka 2020, amapezeka pa malo osungira deta a World Bank pa intaneti. DataFirst ya ku University of Cape Town imasunga deta yambiri ya kuno, kuphatikizapo NIDS, kafukufuku amene anayamba mu 2008 kutsata anthu omwewo kwa zaka zingapo. Gauteng City-Region Observatory, imene Wits ndi UJ zili momwemo, yakhala ikufunsa anthu a m'chigawo chino za moyo wawo kuyambira 2009. Sankhani funso limodzi limene linakuvutani muli kumudzi kuja, mwachitsanzo ngati mabanja otsogozedwa ndi amayi amagona ndi njala kawirikawiri kuposa ena, ndipo mulimbane nalo miyezi itatu. Pamapeto lembani masamba asanu. Mukapeza kuti kompyuta ikamakana mumapsa mtima koma m'mawa mwake mumabwereranso, maphunzirowa ndi anu. Mukapeza kuti mwaisiya sabata yachiwiri ndipo simukuiganiziranso, mwapulumutsa ndalama za bambo anu, ndipo njira zina zilipo zoti tikambirane.

Masamba asanu amenewo ali ndi ntchito inanso. Masters imayenda ndi supavaiza, ndipo aphunzitsi amalandira makalata ambiri a anthu ongonena kuti ndimakonda kafukufuku. Kalata yobwera ndi tebulo lopanga nokha ndi funso lomveka imawerengedwa mpaka pansi. Mukalakwitsa musachite manyazi. Ine ntchito yanga yoyamba inabwezedwa yonse chifukwa ndinaiwala zimene amati weights. Pa kafukufuku wotere, madera ena amatengamo anthu ambiri dala kuposa kukula kwa maderawo, ndiye powerengera yankho lililonse limayenera kupatsidwa kulemera kwake. Ine ndinawerengera onse mofanana, ndipo nambala ya umphawi imene ndinapeza inali yabodza. Ndinalira tsiku limenelo, koma chiyambire pamenepo sinditsegula deta ndisanawerenge mmene anthuwo anasankhidwira.

Nkhani ya ndalama ndi mapepala ndiinene mosapsatira. Chifukwa cha pangano la maiko a SADC la za maphunziro la 1997, Mmalawi amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, koma pamwamba pake pamabwera ndalama ina ya ophunzira ochokera kunja. Kuti apeze study visa amafunika kalata yoti yunivesite yamulandira, umboni wa ndalama zomusunga, ndi medical aid yolembetsedwa kuno ku South Africa. Visa imeneyi amaipempha ali ku Malawi. Bambo, chonde musamuitane kuti abwere pa masiku 30 a mlendo aja n'kumati tidzakonzera konkuno. Lamulo silimulola mlendo kusintha mapepala motero ali m'dziko muno, ndipo anthu olonjeza kuti akonza ndi ndalama pang'ono asiya ana ambiri ndi zitupa zabodza. Wophunzira amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata, zokwanira thiransipoti ndi ndiwo, osati fizi. NSFAS, thandizo la boma la fizi limene mumamva ana a anzanu a kuno akutchula, si ya alendo. Zimene Mmalawi angapikisane nawo ndi masikolashipu monga Mandela Rhodes, imene imathandiza achinyamata a mu Africa osakwana zaka 30 pa Honours ndi Masters, ndi Canon Collins Trust. Zonse ziwiri zimatseka miyezi yambiri sukulu isanatsegule mu February, ndipo olimbirana ndi ochuluka.

Musaiwalenso kuti Joni si njira yokhayo. University of Malawi ku Zomba ili ndi Masters ya Biostatistics, ngakhale nayo imafuna masamu olimba, ndipo kumeneko munthu salipira visa kapena lendi ya ku Braamfontein.

Za ntchito sindikulonjezani mwezi. Mu 2025 thandizo la dziko la America lodzera ku USAID litadulidwa, mapulojekiti ambiri a zaumoyo ndi kafukufuku anatsekedwa kuno ndi kwathu komwe, ndipo anthu a mapepala abwino anakhala pakhomo. Kuno ntchito za boma zimayamba ndi eni dziko, ndipo digiri ya ku Wits payokha siipatsa munthu chilolezo chogwira ntchito. Komabe luso ili lili ndi ubwino wakuti silimangika pa nkhani imodzi. Wodziwa kusanthula deta ya malungo angathenso kusanthula ya ngongole ku banki, ya makasitomala ku kampani ya mafoni, kapena ya zokolola ku unduna wa zamalimidwe. Kwathu kuli National Statistical Office ndi Centre for Social Research ku Zomba, Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, ndi mayunivesite amene amasowa aphunzitsi a njira zofufuzira. Pa onse amene ndawalangiza, amene savutika kwenikweni ndi aja amatha kufotokoza zimene apeza m'mawu oti mfumu ya m'mudzi ndi nduna onse amve.

Ndiye yankho langa, bambo, ndi ili: chaka chino musalipire fizi iliyonse. Ngati mungathe, mugulireni laputopu yogwirapo kale ntchito koma yolimba, muzimutumizira ya bandulo mwezi ndi mwezi, ndipo mulipire ya SAQA. Maganyu ake asasiye. M'malo mwake apemphe amene amamutuma kuti azithandiza nawo kukonza zolakwika mu deta akabwera kuchokera kumudzi, ngakhale popanda malipiro owonjezera. Ikatha miyezi itatu, achemwali, nditumizireni masamba asanu aja pamodzi ndi magiredi anu a ku Zomba, tidzaonere limodzi dipatimenti yoti muilembere.