Kwa alongo amene akufuna kukalima ku Malambo

Alongo, funso lanu limene munalemba m'gulu lino ndaliwerenga kawiri. Mwati munda wa makolo anu kufupi ndi Chipata mwagawana anthu asanu, dothi latopa moti popanda feteleza simukolola kanthu, ndipo wina wakulonjezani malo ku Malambo, m'chigwa cha mtsinje wa Luangwa, m'boma la Mambwe. Ndiye mukufunsa ngati n'kwanzeru kugulitsa ng'ombe zanu ziwiri, kutenga mayi a kunyumba ndi ana n'kutsika mvula isanayambe. Ndaona ena akuti pitani, nthaka ya kumeneko ndi yachonde, ena akuti mukafa ndi njovu. Ine ndinatsikira kuno mu 2006 pamodzi ndi bambo a ana anga, kuchokera kumtunda konko, ndipo mpaka lero ndili kuno. Ndikuti pitani, koma chaka choyamba mupite nokha, ndipo mukafike ngati munthu wodzaphunzira. Ulimi umene mukuudziwa kumtunda sukakwanira kuno.

Ife tinafika ndi mtima wakuti kulima timakudziwa. Tinasankha malo pafupi ndi kamtsinje kothira mu mtsinje wa Lupande, dothi lakuda bii, udzu wotalika kuposa munthu. Tikukumba maenje a nsichi, kunabwera agogo ena achikunda a mudzi woyandikana nawo. Sanalankhule zambiri. Anandigwira dzanja n'kundionetsa mtengo wa bwemba, pomwe panali udzu wouma ndi timitengo titakodwa panthambi, pamsinkhu wa chifuwa changa. Anati, "Mwana wanga, izi sanaike ndi munthu." Ife tinaganiza kuti ndi nsanje chabe, safuna alendo atenge malo abwino. Tinamanga pomwepo.

Mu February 2007 madzi anabwera usiku. Chimene anthu akumtunda sadziwa n'chakuti kuno madzi amatha kukupezani mvula isanagwe pamudzi panu. Ikagwa yambiri ku mapiri a ku Chipata ndi ku Katete, yonseyo imatsikira kuno, ndipo Luangwa akadzaza, mitsinje ing'onoing'ono imasowa kothira n'kubwerera m'minda. Ndinadzuka chifukwa nkhuku zinkalira modabwitsa. Potsitsa phazi pabedi ndinaponda madzi ozizira, mphika wandiwo ukuyandama pafupi ndi chitseko. Ndinabereka mwana, bambo ake anasenza thumba la mbewu ndi bulangete, tinayenda mumdima madzi akufika m'mawondo mpaka pachulu. Mbuzi zitatu, ufa, chimanga chonse cha m'munda, zinapita. Amene anatisunga milungu itatu m'khitchini mwawo ndi agogo aja, ndipo ngakhale tsiku limodzi sananene kuti ndinakuuzani. Madzi ataphwa anatitenga n'kutionetsa pomanga, pamtunda wa miyala pomwe ife tinkapanyoza poyamba. Nyumba yanga ili pomwepo mpaka lero. Safunsa anadya phula, alongo, ine ndinadya ndithu.

Za malo amene akulonjezaniwo, samalani. Kuno nthaka ndi ya mafumu. Akunda, eni dera lino, ali ndi mafumu asanu ndi imodzi: a Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Msoro ndi a Malama. Munthu wamba sangakupatseni malo pa yekha. Mukaonekere kwa amfumu a mudzi, iwo akuperekezeni kwa nduna, dzina lanu lilowe m'buku la mudzi. Wina akakuuzani kuti ingondipatsani ndalama zonse ndikonza ndine, bwezani dzanja m'thumba.

Ng'ombezo musagulitse, komanso musatsike nazo musanaone malowo. Madera oyandikira Luangwa kuli akashembe, ng'ombe imangoonda mpaka kufa. N'chifukwa chake ambiri kuno timaweta mbuzi ndi nkhuku, ndipo khasu ndiye ng'ombe yathu. Ng'ombe zanuzo zisiyeni kwa abale, zidzakuthandizani chaka chikadzavuta.

Tsopano njovu, poti ndi zimene aliyense akukuopsezani nazo. South Luangwa inakhala paki yosungira nyama zakutchire mu 1972, ndipo midzi yathu yambiri ili m'dera la nyama la Lupande, kutsidya lino la mtsinje. Palibe mpanda. Njovu sidziwa malire, ndipo chimanga chikayamba kukhwima imanunkhiza kutali. Kuyambira February mpaka kukolola, mwamuna wa kuno sagona m'nyumba, amagona pachilindo kumunda. Apa ndi pomwe munthu wodzikonda amalephera. Mukalima kwanokha kutchire poti kuli malo aakulu, usiku umodzi wokha munda wonse utha. Ife timalima moyandikana, minda kugundana, zilindo kuzungulira, wina akamva kuthyoka kwa mapesi amaimba chigubu, tonse n'kudzuka ndi matochi ndi phokoso. Timamanga zingwe zokhala ndi nsanza zopaka tsabola wosinja wosakaniza ndi oilo wakale wa galimoto. Timaumbanso ndowe za njovu zomwezo ndi tsabola, zikauma n'kumazifukiza usiku kumbali yochokera mphepo. Zimathandiza, koma si nthawi zonse. Njovu yokhala ndi mwana musaiyandikire, ndipo nthawi ya mango, cha mu November ndi December, zimalowa m'mudzi mwenimweni, choncho kuyenda usiku kuchokera ku mowa kwatha anthu. Nkhokwe yansungwi ya kwathu ija kuno njovu imangoikankha n'kudya. Timasunga m'felumbu, nkhokwe ya njerwa ndi simenti yokhala ndi chivundikiro cholemera.

Dziwaninso kuti nyama zikakudyerani munda, lamulo silikupatsani chipukuta misozi. Mukhoza kukanena kwa oyang'anira nyama kuti adzazithamangitse, basi. Ndipo mtima ukawawa musayese kutchera msampha wa waya. Ndaona ana akukula bambo awo ali kundende chifukwa cha nyama imodzi.

Kutentha sindingakufotokozereni bwino. Mu October kumapitirira madigiri 40, mitengo ya mupani ili mbee yopanda tsamba, mphasa ikutentha ngakhale pakati pa usiku. Ntchito timayamba kusanache, ikamakwana 10 koloko tabwerako. Madzi a m'mijigo ina ndi amchere, ndiye amayi timafukula mchenga wa mumtsinje wouma. Mvula ikabwera, dothi lamakande lija limamata moti njinga umachita kuisenza. Msewu wa Chipata kupita ku Mfuwe uli ndi tara, koma mukangopatuka kulowa kumidzi, mitsinje ikadzaza mutha kukhala milungu osatuluka. Ndiye chifukwa chake ndikuti ana ayambe atsala. Malungo kuno ndi oopsa, ndipo mwana akatentha thupi usiku mtsinje utadzaza, mudzalira. Mayi woyembekezera timamutumiza kukadikirira pafupi ndi chipatala, monga ku Kamoto, masiku asanakwane.

Koma nthaka ndi yachonde zoona, pamenepo sanakunamizeni. Pomwe madzi asiya matope, chimanga chimabereka popanda feteleza. Madzi akaphwa timabzala m'dimba maungu, khobwe, mbatata ndi chimanga chachiwiri, n'kumadya mondokwa anzathu kumtunda atayiwala kale. M'madambo mpunga umachita bwino, ndipo a COMACO, kampani yolimbikitsa ulimi wosamala zachilengedwe, amagula mpunga, mtedza ndi uchi kwa alimi olowa m'magulu awo. Thonje limabweretsa ndalama, ngakhale mtengo wake umakhumudwitsa zaka zina, ndipo musadalire lokhalo. Chimene ndikupemphani kwambiri n'chakuti mukabzale mapira. Ine ndinkawanyoza, ndinkati nsima yake si nsima. Chilala cha 2024, chija Pulezidenti wa Zambia a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, chimanga changa chinapserera chili m'mawondo. Mapira anapirira. Ndiwo anadyetsa nyumba yanga ndi ana awiri a mchemwali wanga amene anawatumiza kuno kuchokera kumtunda.

Bambo a ana anga anatisiya mu 2015. Abale anabwera kudzanditenga, akuti mkazi yekha sangakhale kutchire kuno. Ndinakana, ndipo ndinadabwa ndekha pokana. Ine amene ndinkaopa ngakhale kutuluka panja usiku, chaka chimenecho ndinakwera pachilindo cha amuna anga ndi tochi ndi chigubu. Usiku woyamba ndinanjenjemera mpaka kucha. Anansi a minda ya mbali zonse ankandiitana mumdima, "Amake mwana, muli maso?" ine n'kuyankha. Lero ndimadziwa kuti njovu yafika ndisanaione, ndimamva fungo lake ndi kulira kwa m'mimba mwake, ndipo achinyamata obwera kumene amadzandifunsa pomanga. Ndimawatengera ku mtengo wa bwemba uja.

Ndiye tsikani mu October, kutentha kuli pachimake, mukhale kwa munthu wa pamudzipo mpaka mudzakolole. Tengani neti, tochi yowala kwambiri, nsapato zajombo, khasu ndi nkhwangwa zanu, ndi chakudya chokufikitsani mu April. Chinyanja chanu adzachimva, koma yesetsani kuphunzira moni wachikunda, ndipo pamaliro musasowe. Tiuzeni malowo ali kwa mfumu iti komanso mtsinje wapafupi ndi uti, chifukwa kwa a Msoro ndi kwa a Nsefu mavuto ake si amodzi, ndipo m'gulu lino alipo a mbali zonsezo amene angakuuzeni za mudzi weniweniwo.