Kanyumba ku Area 47 kapena nyumba yaikulu ku Area 25?

FUNSO: Akonzi, ine ndi amuna anga tapeza ngongole kubanki. Ndalamayo ikukwana kanyumba ka zipinda ziwiri ku Area 47, kapena nyumba ya zipinda zinayi, ya mpanda, ku Area 25. Amuna anga akuti tikakhale ku Area 47, pakati pa anthu ochita bwino. Ine mtima ukukana. Tikakhala mosangalala kuti?
Mayi wa ana atatu, Lilongwe

YANKHO: Mayi, mtima wanuwo musaunyoze. Mu 2005 katswiri wa zachuma Erzo Luttmer anapeza ku America kuti pa anthu olandira ndalama zofanana, amene oyandikana nawo amalandira zambiri ndiwo ankati sakukondwa kwenikweni ndi moyo. Munthu amadziyeza ndi amene amawaona tsiku ndi tsiku.

Kudera la olemera nkhani sithera pa kaduka. Ena onse akakhala ndi mlonda, waya wamagetsi pampanda, thanki ya madzi ndi sola, nyumba yopanda zimenezi ndi imene akuba amayamba kuiyang'ana, choncho nanunso mudzagula. Ana adzafuna sukulu imene anzawo amapita. Ma city rates, msonkho wa nyumba umene khonsolo imatolera, amatengera mtengo wa nyumba, ndipo minibasi zikamadutsa kutali, galimoto imakhala yosapeweka.

Amuna anunso sakulakwa kotheratu. Mu 2007 Geeta Kingdon ndi John Knight anapeza ku South Africa kuti m'madera ang'onoang'ono kupeza bwino kwa oyandikana nawo kumawonjezera chimwemwe. Kumene anthu amadziwana, woyandikana naye wopata ndi amene amakuthamangitsirani kuchipatala usiku. Funso ndi lakuti mudzadziwana nawo, kapena mudzangoona mageti otseka?

Khalani pansi nonse awiri ndi pepala. Pa nyumba iliyonse lembani zobweza kubanki pamwezi, mafuta kapena minibasi, mlonda, fizi, madzi ndi mayunitsi a ESCOM. Zobwezazo zisapose gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro amene mumafika nawo kunyumba. Ife tingasankhe kumene mukutsala ndi ndalama yoti mwana akadwala, kapena kumudzi kukagwa maliro, simukukatenga katapila. Kwa mabanja ambiri kumeneko ndi kumene uli pakatikati, osati wotsalira pa onse.

Musanasaine, mukafikeko m'mawa wa tsiku la ntchito, muyese mphindi zofikira ku City Centre kapena ku Old Town. Area 25 ili patali ndithu. Mukabwerenso madzulo ndi tsiku la mvula, pakuti mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kuwononga nyumba ku Mtandire, pafupi ndi Area 47, ndi madera oyandikira. Funsani amayi a pafupi kuti madzi a Lilongwe Water Board amatuluka masiku angati pasabata.

Ndalama isatuluke loya wanu asanakafufuze ku Unduna wa za Malo ngati dzina la pa title deed, chikalata cha umwini wa malo, ndi la wogulitsayo, ngati nyumbayo sili pachikole kubanki ina, komanso ngati ground rent, lendi ya malo, ndi ma city rates zinalipiridwa.