Soya amalanga tizilombo tongodya osagwira ntchito

Achimwene, chimene chimaletsa tizilombo tothandiza ta m'mizu ya soya, totchedwa mabakiteriya, kungodya kwaulere n'chakuti soyayo amalanga, ndipo ine ndinaziphunzira mowawa kumunda kwanga ku Linthipe.

Ndinagula inokulanti, ufa wa mabakiteriyawa wosakaniza ndi mbewu pobzala, kwa wamalonda wina pamsika, mapaketi atayalidwa pathebulo dzuwa likuswa mtengo, iye n'kumalumbira kuti afika dzulo lomweli. Pofika mu Febuluwale masamba anali achikasu, pamene soya wa anzanga a m'malire anali wobiriwira bii. Ndinazula phata limodzi ndi dothi lake lomwe, ndipo pamizu ndinapeza timibulu towerengeka, tating'ono ngati mapira. Nditaswa kamodzi ndi chikhadabo, m'kati munali moyera mbee. Ndinaswa kena, ndi kenanso, mpaka ndinangokhala pansi pamzere, chifukwa ndalama ya mbewu ndi ya aganyu inali ya ngongole ya ku banki m'khonde. Wamalonda uja ankadziwa kuti zili m'paketimo n'zamoyo ndipo zimafa ndi kutentha, koma anandigulitsa ndithu, ndipo nditabwerera anandiuza kuti vuto ndi nthaka yanga. Zimandiwawabe mpaka lero.

Alangizi ndiwo anandifotokozera kuti kambulu kogwira ntchito kamakhala kofiirira m'kati. Soya amapatsa mabakiteriyawo shuga ndi pokhala, iwo amatenga nayitirojeni wa mumpweya n'kumupatsa. Ntchito yotenga nayitirojeniyi imafuna mphamvu, choncho waulesi akanapindula chikanakhala kuti palibe chilango. Mu 2003 wasayansi wina, Toby Kiers, ndi anzake anaika timibulu tina ta soya mumpweya wopanda nayitirojeni kuti mabakiteriya alephere ntchito, ndipo chomeracho chinachepetsa okosijeni wopita ku timibulu timeneto, moti mabakiteriyawo anaswana pafupifupi theka poyerekeza ndi ogwira ntchito. Timibulu tikawola, amene abwerera ambiri m'nthaka ndi akhama aja, n'chifukwa chake ubalewu sutha. Anga oyerawo ayenera kuti anali a m'nthaka momwemo, osayenerana ndi soya, ndipo chomera chinangowamana.

Ngakhale zinandichitikira zimenezi, inokulanti gulani ndithu, koma wosungidwa pozizira, muone tsiku lotha ntchito, musakanize pamthunzi ndi kubzala tsiku lomwelo. Musathire yureya wambiri, chifukwa soya akapeza nayitirojeni wosavutikira amachepetsa timibulu, ngakhale kuti ineyo chaka chimenecho ndikanathira pang'ono ndikanapulumutsa kenakake.